Zimene sizinkalowa m'kompyuta: zaka zanga pakati pa mabungwe anayi ofufuza za nandolo ndi mtedza

Ngati bungwe lanu likukonzekera kusainirana mgwirizano wa kafukufuku ndi yunivesite kapena bungwe lina, musathamangire tsamba la ndalama. Tsamba limenelo aliyense amaliwerenga kawiri, ndipo akauntanti sangalole kuti tambala isowe osadziwika komwe yalowa. Yambani mwafunsa funso limene pa mwambo wosainirana silimveka: zimene tiphunzire pa ntchitoyi azisunga ndani, azisunga kuti, ndipo iyeyo akachoka zidzatsala m'manja mwa yani? Ine ndinagwira ntchito yolumikiza mabungwe anayi pa kafukufuku wa zaulimi m'maboma awiri a m'chigawo chapakati. Ndalama zinkalondolozedwa mpaka lisiti la mafuta a njinga yamoto, koma nzeru zinkatayika poyerayera, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye wasunga.

Panali bungwe lathu, laling'ono, lomwe si la boma, koma lodziwana ndi alimi ndi mafumu. Panali ofufuza a boma, eni mbewu ndi ndondomeko ya kabzalidwe. Yunivesite ina ya kuno kwathu inkatumiza ophunzira a digiri yachiwiri, ndipo ndalama zinkadzera ku yunivesite ya kunja. Alangizi a zaulimi a m'ma EPA (madera amene boma linagawa kuti alangizi azigwiriramo ntchito) sanalembedwe pa chikalatacho ngati mbali ya mgwirizano, chonsecho ntchito yambiri inali pamsana pawo.

Tinkayesa kasakaniza wa nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kubzalamo chimanga kuti tione ngati nthaka yabwerera. Mbewu ziwirizi sizilimbana kwenikweni chifukwa nandolo amayamba kukula mwaulesi. Mtedza umakula, kukhwima n'kukumbidwa iye asanatambasuke, kenako amatsala yekha m'munda miyezi ya chilimwe, mizu yake ikutsata chinyontho pansi penipeni, masamba akuyoyokera m'mizere. Boma linavomereza ulimi umenewu m'chaka cha 2016, koma mafunso anali akadalipo: nandolo wa mtundu wanji pa dothi lanji, motalikirana bwanji, ndipo mlimi wa ekala imodzi angaukwanitse? Ife tinkabzala kwambiri nandolo wa Mwaiwathu Alimi pamodzi ndi mtedza wa CG7 ndi Nsinjiro.

Kayesedwe kake kanali kamene ofufuza amati ka mayi ndi ana, njira imene wofufuza za nthaka Sieglinde Snapp anaiyambitsa kuno ku Malawi komwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Munda wa mayi umakhala umodzi pamudzi, muli njira zonse zimene zikuyesedwa, iliyonse mobwerezabwereza, ndipo ofufuza ndi amene amauyang'anira kwambiri. Minda ya ana imakhala kwa alimi, aliyense atatenga njira ziwiri kapena zitatu n'kumazisamalira mmene amasamalirira munda wake. Ubwino wake ndi woti mumamva za sikelo ndiponso za mlimi. Vuto lake ndi loti nkhani ya munda umodzi imadutsa m'manja ambiri isanafike kwa woiwerengetsa: mlimi, mlimi wotsogolera, mlangizi, wophunzira wolemba manambala pa tabuleti, ine, kenako munthu wina kutsidya kwa nyanja amene sanaonepo nandolo ali m'munda. Paliponse pamene nkhaniyo yasintha manja, pamagwa kanthu.

Choyamba kutipunthwitsa chinali maina. Bungwe lililonse linabwera ndi mndandanda wake wa alimi, ndipo pamene tinati tiphatikize, sizinagwirizane. Mayi mmodzi yemweyo, kwa ife analembedwa dzina la pa chiphaso chovotera (ziphaso za unzika zinali zisanabwere, zinadzayamba mu 2017). Kwa alangizi anali Nabanda. Kwa wophunzira amene anafunsa ana a pakhomo anali make Chikondi. Pa fomu yolandirira mbewu panali dzina la amuna awo, poti ndi amene anakasaina tsikulo. Pakompyuta anali alimi anayi, wina ali ndi mbewu koma alibe zokolola, wina ali ndi zokolola koma alibe munda. Kwinaku a Nabanda enieni m'mudzi womwewo analipo angapo, ndipo ena kompyuta inawaphatikiza kukhala munthu mmodzi. Mankhwala ake anali otchipa: mlimi aliyense tinam'patsa kakhadi kokutidwa ndi pulasitiki kokhala ndi nambala, munda uliwonse nambala yakenso, chifukwa mlimi amatha kusuntha kamunda koyesera chaka chino n'kukakaika kudimba kapena kumunda kwa apongozi. Chovuta sichinali khadi. Chovuta chinali kugwirizana kuti kaundula akhale mmodzi, wosunga akhale mmodzi, ndipo pulofesa ngakhale wamkulu bwanji asaonjezere dzina osadzera kwa wosungayo. Zimenezi zinatitengera misonkhano, chifukwa palibe bungwe limafuna kuoneka ngati likupempha chilolezo kwa linzake.

Miyeso nayo inatisokoneza. Mlimi amanena za ndowa, matumba ndi ngolo. Fomu imafuna makilogalamu pa hekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Wina ankayeza mtedza uli m'makoko, wina utaswedwa, pamene mtedza ukaswedwa umatsala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake. Wina ankayeza tsiku lokumba uli wauwisi, wina utauma pamkeka. Onse ankalemba m'bokosi limodzi lolembedwa kuti zokolola. Dera lina linkaoneka ngati la akatswiri a mtedza, kumeneko kunali kungoyeza ndi makoko omwe. Musaganize kuti anthu ophunzira akakumana ndiye kuti akutanthauza chimodzi. Khalani pansi mvula isanagwe, bokosi lililonse la pa fomu mulilembere tanthauzo lake pa pepala limodzi, mu Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo woyeza aliyense ayeze thumba lomwelo anzake akuona.

Koma nkhani imene inanditsegula maso kwambiri ndi ya ziro.

Patapita nyengo ziwiri, kunabwera imelo kuchokera kwa wowerengetsa wa kunja uja. Ananena mwaulemu kuti manambala akuonetsa kuti m'dera lina nandolo sakuchita bwino, minda yambiri yatulutsa ziro, ndiye mwina tisiye kuwonongerako mbewu. Sanalakwitse masamu. Zimene anali nazo pamaso pake zinkanenadi zimenezo. Ndinasindikiza mndandandawo n'kupita nawo kwa mlangizi wa deralo, bambo wachikulire amene anali atakhalako zaka zambiri. Anavala magalasi, anatulutsa kabuku kake kachikuto cholimba, kothimbirira ndi fumbi la pa njinga, n'kuyamba kutsetsereka ndi chala.

"Achimwene, ziro uyu ndi wa mbuzi. Uyunso mbuzi. Awa ndi amayi aja, anathyola wauwisi n'kudyera nsima, wina anakagulitsa pamsewu, pofika anyamata a sikelo munda unali mbee. Uyu sanamere, ng'amba ija ya Januwale. Uyu mwini wake anali kuchipatala ndi mwana, munda unalowa tchire. Awa atatu anakolola bwinobwino, koma anyamata anu sanafikeko, mtsinje unadzadza."

Ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, bwanji zimenezi sizinalembedwe?"

Anati, "Zinalembedwa, si izi? Koma fomu yanu ija ilibe pokhala mbuzi."

Ziro aliyense pamenepo anali ndi phunziro lake, ndiponso mwini wake. Wa ng'amba ndi nkhani ya ofufuza mbewu. Wa nandolo wothyoledwa wauwisi si kulephera n'komwe, banja linapeza ndiwo pa nthawi imene ndiwo zimasowa, ndipo tikanafunika kumuyeza ameneyo. Wa mtsinje si ziro, ndi malo oti asiyidwe opanda kanthu. Wa mbuzi ndiye anali wamkulu pa onse, ndipo yankho lake silinali ku labu. Kumadera ambiri a m'chigawo chapakati anthu akangokolola chimanga amatayirira ziweto, pamene nandolo ndiye akuyamba maluwa, ali yekha wobiriwira m'dera lonse. Kummwera, komwe nandolo ndi mbewu yakalekale, anthu anazolowera kusamala ziweto nthawi imeneyo. Kwathu kuno inali nkhani yoti akambirane a gulupu ndi nyakwawa zawo. Midzi imene mafumu anagwirizana zoti mbuzi zizimangidwa mpaka nandolo atachoka, chaka chotsatira sikelo inayamba kulemera. Kumene anakana, poti eni mbuzi nawo ali ndi mawu, tinadziwa kuti nandolo wochedwa kucha sangalimbe kumeneko ngakhale mbewu ikhale yabwino chotani. Tikanatsata imelo ija tikanasindikiza bodza lokhala ndi manambala olondola.

Kuyambira pamenepo fomu iliyonse inakhala ndi malo olembapo chifukwa, ndipo tabuleti sinkalola kupitirira ukalemba ziro osanena kuti ndi wa chiyani. Tinkagwiritsa ntchito ODK, pulogalamu yolembera mafomu pa tabuleti, ndipo kuika lamulo lotere ndi ntchito ya mphindi zochepa. Timabuku ta alangizi tinkatijambula tsamba ndi tsamba pakutha pa nyengo, atatilola eni ake, n'kusunga pamodzi ndi manambala. Wowerengetsa uja tinapempha kuti abwere nthawi yokolola nandolo osati nthawi ya msonkhano wa kuhotela. Atabwera anatithandizanso pa zimene ife tinali titazolowera mpaka osaziona: anazindikira kuti minda ya ana yambiri inali kwa alimi a m'mbali mwa msewu ndi achibale a alimi otsogolera, anthu amene kale anali opezako bwino. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sindikunena kuti akunja sadziwa kanthu ndipo ife tikudziwa zonse. Ndikunena kuti aliyense ankadziwa theka, ndipo panalibe amene anapatsidwa ntchito yolumikiza matheka awiriwo.

Chinanso chimene muyenera kuvomereza msanga n'chakuti simukufuna chinthu chimodzi, ngakhale chikalata chikunena kuti cholinga ndi chimodzi. A kunja ankafuna mapepala osindikizidwa m'magazini a sayansi, chifukwa ndi amene amawakwezetsa pantchito ndi kubweretsa ndalama zina. Ofufuza a boma ankafuna umboni wa nyengo zingapo ndi madera angapo, woti akaime nawo pamaso pa komiti imene imavomereza njira zatsopano zaulimi zisanapite kwa alangizi. Wophunzira ankafuna digiri, ndipo mwachibadwa sankafuna kuti manambala ake aonedwe ndi wina asanakhoze. Ife tinkafuna lipoti la miyezi itatu iliyonse. Mlimi ankafuna kudziwa choti abzale mvula ikagwa. Palibe cholakwika pa zofuna zimenezi. Zimalakwika zikabisidwa, chifukwa ndi pamene munthu amayamba kukhalira data n'kumati ikukonzedwa kaye. Makalendala nawonso sankakumana. Mvula imayamba Novembala kapena Disembala, nandolo amachoka m'munda kuyambira cha mu Ogasiti, chaka cha ndalama cha boma nthawi imeneyo chinkayamba mu Julaye (pano chimayamba mu Epulo), ndipo anzathu akunja nthawi yawo yomasuka kuyenda inali Juni ndi Julaye, mtedza utakumbidwa kale, nandolo asanache. Tinagwirizana kuti manambala osakonza azifika kwa mabungwe onse anayi pasanathe mwezi chikololereni, koma wophunzira akhale ndi nthawi yake yoti wina asasindikize za mutu wake. Zitalembedwa choncho, kubisirana kunachepa.

Za misonkhano ndinene mosapsatira. Msonkhano wa pachaka wa kuhotela ya kunyanja, wa ma PowerPoint ndi maalawansi, si malo ophunzirirapo. Ndi malo oonetsera. Woimira opereka ndalama akakhala pampando wakutsogolo, palibe amene anganene kuti mbewu inafika mochedwa kapena kuti theka la minda linadyedwa. Mlangizi sangatsutse pulofesa pagulu, m'Chingerezi, bwana wake wa kuboma ali pomwepo. Amangoti zonse zikuyenda bwino, n'kudzakuuza zoona zake pa tiyi. Msonkhano umenewo sitinauthetse, uli ndi ntchito yake. Koma tinayambitsa wina, waung'ono, pakutha pa nyengo iliyonse, m'kalasi ya pasukulu ya m'deralo, mu Chichewa, wotanthauzira atakhala pambali pa alendo m'malo mokhala kutsogolo. Oyamba kulankhula anali alimi, amayi paokha kaye chifukwa pamaso pa amuna ndi mafumu ambiri amangovomera, kenako alangizi, ophunzira, ndipo madokotala ndi mapulofesa pamapeto. Funso loyamba linali lakuti, chinakanika n'chiyani? Kusintha ndondomeko ya olankhula kokhako kunasintha zimene tinkamva. Wamkulu akayamba, ena onse amangothira ndemanga pa zimene wanena.

M'misonkhano yotereyi ndi mmene tinamvera zinthu zimene fomu sinkafunsa. Nyengo ya 2015/16 kunali chilala cha El Niño, moti mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Chimanga chinapserera, nandolo anapirira, ndipo mtengo wake unali wabwino. Alimi anamukonda, ena anakulitsa minda osauzidwa ndi munthu. Kenako mu Ogasiti 2017 dziko la India, komwe kumapita nandolo wambiri wa kuno, linaika malire akuti lizigula matani 200,000 okha pachaka kuchokera kunja. Mtengo unagwa mpaka mavenda ankachita kunyada. Pa sikelo nandolo anali akuchitabe bwino, ndipo malipoti athu akanatha kupitiriza kumuyamikira. Koma mayi wina anaimirira n'kunena kuti, "Alangizi, nthaka mwati yabwerera, tavomera. Koma nthaka sitingalipire fizi." Mafomu athu onse analibe funso la msika. Chaka chomwecho mbozi za ntchemberezandonda zinali zitalowa m'chimanga, mpaka mu Disembala 2017 maboma 20 analengezedwa kuti ali pa ngozi, ndiye chimanga chimene tinkati tiyezere kubwerera kwa nthaka chinali chodyedwa. Ndondomeko imene inalembedwa pofunsira ndalama sinkadziwa za India kapena za mbozi. Kafukufuku wa mgwirizano amafunika kukhala ndi njira yovomerezeka yosinthira mafunso pakati pa ulendo, ndiponso munthu wodziwika amene angavomereze kusinthako. Popanda zimenezo mumapitiriza kuyankha funso limene alimi analisiya kale.

Kusintha kulikonse kotere tinayamba kukulemba m'chimene tinkachitcha buku la zifukwa. Silinali lapamwamba, linali fayilo imodzi yokhala ndi deti, chimene tasintha, chifukwa chake, ndi amene analipo. Malipoti amanena zimene munachita. Sanena chifukwa chimene munasiyira mudzi wakuti, chifukwa chimene munasinthira kutalikirana kwa mapando, kapena chifukwa chimene manambala a chaka chakuti a dera lakuti sayenera kukhulupiriridwa. Zimenezo zimakhala m'mitu ya anthu, ndipo anthu amachoka.

Amachokadi. Mlangizi amasamutsidwa ndi kalata imodzi. Wofufuza wachinyamata wa kunja kontirakiti yake imatha n'kupita ku yunivesite ina. Wophunzira wina atamaliza digiri anapeza ntchito kutali, laputopu yake inawonongeka, ndipo zotsatira za dothi za nyengo yathunthu zinali mmenemo mokha. Palibe amene anaba kanthu kapena kuchita mwadala. Panalibe chabe lamulo loti asanalandire ndalama yomaliza apereke zonse, ndiponso panalibe amene ankadziwa kuti ndi udindo wake kuzilandira. Pambuyo pake tinalemba kuti wochoka aliyense akhale pansi ndi wolowa m'malo mwake, ayende limodzi kuminda ngati n'kotheka, ndipo mapasiwedi a seva asakhale ndi munthu mmodzi. Zosunga zikhale m'malo atatu: pa intaneti, pa hadi diraivi ya ku ofesi, ndi papepala. Anzathu akunja ankadabwa ndi pepalalo, poti iwo anazolowera kuti zonse zili pa intaneti. Koma zaka za 2016 ndi 2017 madzi atatsika m'nyanja ya Malawi ndi mumtsinje wa Shire, magetsi ankathima tsiku lonse, ndipo bandulo yotsitsira fayilo yaikulu inkachoka m'thumba la munthu. Chinthu chimene mnzako sangathe kuchitsegula sunagawane naye. Bandulo ya alangizi ndi ophunzira iikidwe mu bajeti monga mmene mumaikira mafuta.

Gulu la WhatsApp ndiye linali nkhokwe yeniyeni, ngakhale palibe chikalata chinkalitchula. Zithunzi za masamba odwala, mawu ojambulidwa a mlangizi ali m'munda, tsiku limene mvula yoyamba inagwa m'dera lililonse, zonse zinali mmenemo, zosakanikirana ndi mauthenga a maliro ndi mavesi a m'mawa. Foni ikatayika zapita. Tinasankha munthu woti Lachisanu lililonse azitola za ntchito n'kuziika m'fayilo. Ndi ntchito yotopetsa ndipo palibe amaiyamikira, choncho ilembedwe pa ntchito za munthuyo, isakhale yongodzipereka.

Nkhani ya maina pa mapepala osindikizidwa muikambe tsiku loyamba, anthu akadali kusekererana. Ikadikira pepala litalembedwa imadula ubale. Pepala lina linatuluka anthu a kuno amene anayenda m'matope nyengo zonsezo atangothokozedwa kumapeto, ndipo ena anamva za kutuluka kwake kwa anthu apadera. Olembawo anati malamulo a magazini amafuna kuti wolembedwa dzina akhale atathandiza kulemba. N'zoona, koma munthu angathandize bwanji kulemba pepala limene sanaitanidwe kuti alione? Chimene tinagwirizana n'chakuti aliyense wofuna kulemba adziwitse onse asanayambe, ndipo amene akufuna kutengapo mbali apatsidwe gawo lenileni ndi nthawi yokwanira. Onetsetsaninso kuti pepalalo mudzatha kuliwerenga. Magazini ambiri amagulitsa, ndipo n'zopweteka kupemphedwa madola kuti uwerenge za munda umene unayeza wekha. Mayunivesite ndi malo ofufuzira a kuno amatha kulembetsa ku Research4Life, njira yowerengera magazini a sayansi pa intaneti mwaulere kapena motchipa, komwe kuli AGORA ya zaulimi imene bungwe la FAO linayambitsa mu 2003, koma mlangizi wa ku EPA safikako. Ndalama yolipirira kuti pepala likhale loti aliyense awerenge mwaulere ikhale mu bajeti. Zilolezo nazonso musazisiyire mbali imodzi. Kafukufuku wofunsa anthu mafunso amafunika chilolezo cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, monga za pansi pa National Commission for Science and Technology kapena za m'mayunivesite. Dothi kapena mbewu zikamatuluka m'dziko pakhale chikalata chonena zimene zikukachitidwa ndi kumene zotsatira zidzabwerere. Ndipo poti tsopano kuli lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, kaundula wokhala ndi maina, manambala a foni ndi malo a minda asamangotumizidwa pa imelo kwa aliyense. Wowerengetsa amafunika nambala ya mlimi, osati dzina lake.

Amene tinkawaiwala kawirikawiri pogawana zimene taphunzira ndi eni minda. Agogo ena anandiimitsa ndikutsika njinga n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, dothi langa munatenga chaka chatha lija, linapezeka ndi matenda anji? Kapena munakagulitsa?" Ankaseka, koma funsolo linali la anthu ambiri. M'midzi imene mabungwe amapitapita anthu atopa ndi kufunsidwa mbuzi zingati, ana angati, munadya kangati dzulo, osamvanso chimene chinatsatira. Kutopa kumeneko kumabwerera m'manambala anu, chifukwa munthu wotopa amayankha choti umusiye. Ndiye tinayamba kukonza pepala limodzi la mlimi aliyense, mu Chichewa, losonyeza zimene munda wake unatulutsa pa njira iliyonse, pambali pake zimene anzake a m'mudzimo anapeza, mu ndowa ndi matumba osati makilogalamu pa hekitala. Ofufuza ena ankakana, amati nyengo imodzi si umboni, tidikire zonse zithe. Tinagwirizana kuti pepalalo lizinena poyera kuti izi ndi za chaka chino chokha. Linkayenera kufika mu Okutobala, anthu asanagule mbewu ndi kukonza mizere, chifukwa likafika mu Febuluwale ndi loyatsira moto basi. Ndipo alimi akaliona ankatikonza. "Apa mwalakwitsa, ine ndinakolola ndowa zoposa apa, zinazo ndinapatsa mlamu wanga musanabwere." Zolakwika zambiri za m'kaundula wathu anazipeza ndi iwowo.

Chomaliza chimene ndingakuchenjezeni ndi miyezi yotsekera. Ndalama za pulojekiti yathu zinkatha mu Seputembala, nandolo wa nyengo yomaliza akadali m'munda m'madera ena. Magalimoto ankabwezedwa, makontirakiti ankatha, aliyense maso ali pa ntchito yotsatira. Nthawi imene zophunzira zonse zimafunika kusonkhanitsidwa ndi imene pamakhala palibe munthu kapena ndalama. Tinapempha miyezi ina yoonjezera popanda ndalama zatsopano, anatipatsa, koma ambiri anali atapita kale ndipo ntchitoyo inatsalira anthu ochepa. Webusaiti ya pulojekiti inazima chaka chotsatira, palibe amene anali ndi udindo wolipira. Zimene zinapulumuka ndi zimene tinaika m'nkhokwe ya pa intaneti ya yunivesite, yomwe siidalira pulojekiti, ndi mafayilo a mapepala amene tinasiya ku maofesi a EPA ndi kwa ofufuza a boma, muli kaundula, tanthauzo la mabokosi a fomu, buku la zifukwa ndi zithunzi za timabuku ta alangizi.

Patapita zaka, wophunzira wina amene ankafuna kubwerera m'minda yomweyo kuti aone mmene nthaka ilili anandiimbira foni. Manambala anali atawapeza pa intaneti, koma sankadziwa chifukwa chimene midzi iwiri inasowera pakati pa ndandanda. Ndinamuuza kuti apite ku EPA akapemphe fayilo yobiriwira, ayang'ane m'buku la zifukwa cha kumapeto kwa 2017. Anakaipeza ku ofesi imodzi. Ku inayo denga linadontha nthawi ya mvula ndipo mapepala anamatirirana, moti za dera limenelo anachita kukafunsa mlangizi uja kumudzi kwawo, komwe anapita atapuma pantchito.